Shuga ali bwino koma akuti vuto ndi insulini: kodi mazira aonongeka?

NyaChibavi

Moni nonse. Ndikufunsira mng'ono wanga wa zaka 29, yemwe watha zaka 2 pa banja osaima. Msambo wake umabwera mwa apo ndi apo, mwina pakadutsa masiku 45, mwina 70. Kumbuyo kwa khosi kwada ngati munthu wosasamba, ndipo wayamba kumera tindevu. Atamuyeza shuga m'mawa asanadye anapeza 5.4, akuti ali bwinobwino. Koma pa sikani anaona timadontho tambirimbiri m'matumba a mazira, n'kumuuza kuti ali ndi insulin resistance. Ndiye ngati shuga ali bwino, insulini ikubwerapo bwanji? Kodi mazira ake aonongeka kale? Pa WhatsApp akumutsatsa mankhwala odula, ati okonza mazira. Kuno ku Mzuzu ayambire pati?

Nesi_Luwinga

Achemwali, 5.4 ija sikutsutsana ndi zimene anauzidwazo. Insulini ndi homoni yochokera mu pancreas, kachiwalo kobisala kuseri kwa chifu. Munthu akadya, insulini ndi imene imauza minofu, chiwindi ndi mafuta a m'thupi kuti zitenge shuga m'magazi. Ziwalozi zikayamba kugontha, komwe ndi insulin resistance ija, pancreas imangokweza mawu: imatulutsa insulini yambiri mpaka shuga atatsika. Ndiye makina oyezera shuga amaonetsa nambala yabwino kwa zaka ndithu, pomwe insulini yadzaza m'magazi usana ndi usiku. Shuga amadzakwera pambuyo pake, pancreas itatopa.

Tsoka lake n'lakuti matumba a mazira sagontha nawo, amaimva insulini yonseyo. Ikaphatikizana ndi homoni ya LH yochokera ku ubongo, maselo a kunja kwa kathumba ka dzira, otchedwa theca, amapanga testosterone, homoni yachimuna, wopitirira muyeso. Nthawi yomweyo insulini imachititsa chiwindi kuchepetsa SHBG, puloteni yomwe imamanga testosterone kuti asagwire ntchito. Wopangidwa wachuluka, chomumangira chachepa. Tindevu, ziphuphu ndi kuthothoka kwa tsitsi pa liwombo zimachokera pamenepa.

Mwezi uliwonse timatumba tingapo ta mazira timayamba kukula limodzi, kenako kamodzi kamapitirira tinzake. Kakafika mamilimita 18 mpaka 22 kamaphulika, dzira n'kutuluka. Insulini ndi testosterone zikachuluka, palibe kamene kamapambana, tonse timaima tili pakati pa mamilimita 2 ndi 9. Timadontho tomwe anaona pa sikani, nthawi zambiri tondandalikana m'mphepete ngati mkanda, ndi timeneti. Si zotupa, ndipo sitifunika opaleshoni. Mazira alipo, ambiri kumene, kungoti sakutuluka.

Dzira likapanda kutuluka thupi silipanga homoni ya progesterone, ndiye msambo umasowa chouyambitsa. Mayi wosamba masiku 28 aliwonse ali ndi mipata 13 pa chaka yoti aime. Wa masiku 45 mpaka 70 ali ndi mipata 5 mpaka 8, ndipo ina mwa iyo amangotaya magazi popanda dzira. Komanso akatha masiku oposa 90 osasamba apite kuchipatala ngakhale sakumva kupweteka, chifukwa khungu la m'kati mwa chiberekero limangokhuthala, ndipo zikachitika zaka zambiri chiopsezo cha khansa ya m'chiberekero chimakula.

Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi PCOS, vuto la mahomoni lolepheretsa mazira kutuluka bwino, yomwe bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linati mu 2025 imagwira amayi 6 mpaka 13 pa 100 aliwonse a msinkhu wobereka. Kuchokera pa mgwirizano wa ku Rotterdam wa mu 2003, pamafunika zizindikiro ziwiri mwa zitatu: msambo wosalongosoka, zizindikiro za testosterone wochuluka, ndi maonekedwe a pa sikani aja. Koma asanatsimikize ayenera kuyeza chithokomiro ndi homoni ya prolactin, poti nazo zimasokoneza msambo chimodzimodzi, pomwe mankhwala ake ndi ena.

Za pa khosizo, muuzeni asiye kukhula ndi mwala. Si litsiro, ndi khungu lokhuthala chifukwa cha insulini. Limapezekanso m'khwapa ndi m'mphechepeche, ndipo limachepa insulini ikatsika.

Wa_ku_Labu

A Nesi afotokoza bwino. Ine ndilowe pa zoyeza, poti apa ndi pomwe ndalama zimathera chabe.

Kuyeza insulini yeniyeniyo m'magazi musavutike nako. Zotsatira zake zimasiyana labu ndi labu, ndipo malangizo a PCOS a padziko lonse omwe anakonzedwanso mu 2023 salimbikitsa kuiyeza mwachizolowezi. Chothandiza ndi OGTT, kuyeza shuga asanamwe ndiponso atamwa madzi a glucose, chifukwa imagwira amayi omwe shuga wawo wa m'mawa ndi wabwino koma amakwera akadya. Masiku 3 asanapite adye monga amadyera masiku onse. Ena amadzimana nsima kuti zotsatira zikome, koma kutero kumachititsa kuti ziipe. Usiku asale maola 8 mpaka 12, madzi okha ndi amene angamwe. M'mawa amutenga magazi, kenako amwa magalamu 75 a glucose osungunulidwa m'kapu yaikulu ya madzi, amalize m'mphindi 5. Akatero akhale pansi maola 2 athunthu, osati n'kuthamangira kumsika kuti abwerenso, chifukwa kuyenda kumatsitsa shuga n'kubisa vutolo. Pa maola 2, kuchepera 7.8 ndiye kuti zili bwino, 7.8 mpaka 11.0 ndiye kuti thupi layamba kulephera, 11.1 kupita m'mwamba ndi matenda a shuga. Wa m'mawa asanadye, malire a matenda a shuga ndi 7.0. Manambalawa ali mu mmol/L. Makina ena amalemba mu mg/dL, ndiye muzichulukitsa ndi 18: 5.4 ija ndi 97, 7.8 ndi 140, 11.1 ndi 200. Ngati akudwala malungo adikire achire kaye.

Kuyeza magazi kwina, kotchedwa HbA1c, ndi kosavuta poti safunika kusala, ndipo kumaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi 2 kapena 3 yapitayi. Koma kwathu kuno HbA1c imanama kawirikawiri. Kuchepa kwa ayironi m'magazi kumaikweza, pomwe malungo aposachedwa, sickle cell ndi kuikidwa magazi zimaitsitsa.

Choyezera chaulere ndi chingwe. Dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wake, chipindeni pakati, n'kuchizunguliza pamimba, pakatikati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, atatulutsa mpweya. Chikakana kukumana, mafuta a m'mimba achuluka. Pa tepi ya telala, malire a amayi ndi masentimita 80. Woonda asadzinamize, PCOS imagwiranso amayi ochepa thupi.

Timapepala ta ku famase toyezera tsiku lotulutsa dzira timayang'ana LH. Mwa amayi ambiri a PCOS, LH imakhala yokwera kale, ndiye timatha kuonetsa mizere iwiri masiku ambirimbiri dzira lisanatuluke n'komwe. Chotsimikizira ndi kuyeza progesterone masiku 7 msambo usanafike. Zoti "tsiku la 21" zimagwira kwa wosamba masiku 28 basi.

Chinanso, zaka 2 zakwana kale kuti onse awiri ayezedwe. Alamu anuwo akapereke umuna ku labu atakhala masiku 2 mpaka 7 osagonana, ufike ola lisanathe, kabotolo kali m'thumba lokhudza thupi. Ndi kuzizira kwa kuno mu Juni, kukaika pa dashibodi ndi kuononga zotsatira. Machubu a mayi nawo aonedwe ndi HSG, ekisileyi yoona ngati ali otseguka. Matenda opatsirana pogonana amatseka machubu mwakachetechete, ndipo ngati anakulira kunyanja, kaya ku Nkhata Bay, ku Chintheche kapena ku Karonga, atchule zimenezo chifukwa likodzo limafika ndi ku ziwalo zoberekera. Ngati ankabayitsa Depo anenenso, poti msambo umatha kutenga pafupifupi chaka usanabwerere m'malo.

Viphya_84

Funso lenileni la achemwaliwa, loti kodi mazira aonongeka, silinayankhidwe mokwanira.

Zoona zilipo ndithu. Dzira limakulira m'timadzi ta m'kathumba kake, ndipo timadzito timatengera zomwe zili m'magazi a mayi. Insulini, shuga ndi mafuta zikachuluka m'magazi, zimachulukanso mmenemo. Dzira palokha silitha kugwiritsa ntchito shuga bwinobwino. Limadalira maselo olizungulira otchedwa cumulus, omwe amaphwanya shugayo n'kulipatsira chakudya chophwanyidwa kale. Chakudyacho chimapita ku mitochondria, tinthu topanga mphamvu, tomwe m'dzira timachuluka kuposa mu selo ina iliyonse ya thupi. Mphamvuyi imafunika kwambiri m'maola omaliza dzira lisanatuluke, pomwe limagawa ma chromosome ake kuti pa 46 pomalizira pake patsale 23. Kugawaku kukalakwika, dzira silikumana bwino ndi umuna, kapena mimba imaima n'kupita padera m'masabata oyambirira. Pa mbewa zonenepetsedwa kapena zodwala shuga izi zinaoneka poyera: mitochondria zoonongeka ndi ma chromosome osandandalikana bwino.

Pa anthu nkhani yake ndi yofatsirapo. Ku IVF, njira yokumanitsira dzira ndi umuna ku labu, komwe mazira amaonedwa ndi maso pa maikulosikopu, amayi a PCOS amatulutsa mazira ambiri kuposa anzawo. Gawo la mazira osakhwima kapena okana umuna limakhala lokulirapo kuposa la anzawo, koma powerenga ana obadwa amafanana ndithu ndi amayi ena. Ndiye kwa ine, kunena kuti insulini "yapha mazira" ndi kuopseza munthu kuti agule katundu. Chomwe chimagwetsa kwambiri ubwino wa mazira ndi zaka, makamaka kupitirira 35, ndipo mng'ono wanu pa 29 ali pabwino.

Palibenso kuyeza magazi komwe kumaonetsa ubwino wa dzira. Homoni yotchedwa AMH, yomwe ena amayezetsa, imangoyerekeza kuchuluka kwa timatumba, ndipo mwa a PCOS imakhala yokwera. Wina akamuuza kuti AMH yokwera ndi umboni wa mazira abwino, kapena oipa, sakunena zoona.

Chofunika kudziwa ndi nthawi. Kathumba ka dzira kamatenga pafupifupi miyezi 3 pa gawo lomaliza la kukula kwake. Dzira lotuluka mu Okutobala linayamba kukhwima cha mu Julayi, ndiye zomwe wasintha lero asaziweruze pakatha masabata awiri.

Za mankhwala a pa WhatsApp, ambiri amakhala ndi inositol. Siyoopsa kwenikweni, koma umboni woti imachulukitsa ana obadwa ndi wofooka, ndipo zosakaniza zopanda dzina lodziwika simungadziwe zomwe zili m'katimo. Piritsi lomwe phindu lake ndi lotsimikizika ndi folic acid, mamaikulogalamu 400 pa tsiku, kuyambira miyezi 3 asanaime, loteteza msana ndi ubongo wa mwana. Akapezeka ndi matenda a shuga amapatsidwa mamiligalamu 5. Pamenepo m'pomwe kufulumira kumaopsa: shuga wokwera m'masabata 8 oyambirira amalumalitsa mtima ndi msana wa mwana, ndiye HbA1c iyenera kutsika kaye kufika cha pa 6.5% asanayese kuima.

NyaChibavi

Yewo chomene nonse, mtima wakhala pansi. Ndiye nsima asiyiretu? Kwawo kwa amuna ake ndi kondowole tsiku lililonse. Komanso wina wamuuza kuti angogula metformin ndi Clomid ku famase ayambe yekha.

MayiWaZakudya

Ayi achemwali, nsima asasiye. Wosiyiratu amapirira masabata awiri, kenako amabwerera ndi njala ya chaka. Palibe kadyedwe kamodzi komwe kanatsimikizika kuti kamaposa ena onse pa PCOS, chofunika ndi chomwe angakwanitse mpaka kalekale.

Ayambe ndi zakumwa, chifukwa shuga wa m'madzi amalowa m'magazi mwamsanga ndipo sakhutitsa. Supuni yaing'ono ya shuga ndi magalamu 4. Masupuni 3 m'kapu, makapu 3 pa tsiku lozizira, ndi magalamu 36 tiyi yekha. Botolo la Coke la mamililita 300 lili ndi masupuni pafupifupi 8. WHO imati ndi bwino kusapitirira masupuni 6 pa tsiku. Sobo, maheu a m'botolo ndi thobwa lothira shuga ziwerengedwe pomwepo. Uchi ndi shuga wa bulawuni musazione ngati mankhwala, thupi limazilandira ngati shuga basi.

Pa mbale, theka likhale masamba, kaya mpiru, bonongwe, chisoso kapena nkhwani. Mbali ina usipa, nyemba, nandolo, mazira kapena soya. Nsima ikhale mtanda umodzi wonga chibakera chake, ndipo ayambe kudya ndiwo. Kondowole ndi sitachi pafupifupi yekhayekha, puloteni ndi gaga mulibemo kwenikweni, ndiye amafunika ndiwo zambiri ndi mtanda wochepa. Mgaiwa umaposa ufa woyera, koma mitanda 4 ya mgaiwa ndi yambiribe. Mpunga wa Kilombero, chipisi ndi mbalagha zimalowa m'malo mwa nsima, zisabwere limodzi nayo. M'mawa, m'malo mwa mandazi, dzira lowiritsa, mtedza wodzaza dzanja, peyala kapena chambiko chosathira shuga zimasunga mimba nthawi yaitali.

Ngati ali wonenepa, safunika kubwerera pa thupi la ku sekondale. Kutsitsa 5 mpaka 10 pa 100 ya kulemera kwake nthawi zambiri kumakwanira kuti dzira liyambe kutuluka. Wa makilogalamu 80 ndiye kuti achotse 4 mpaka 8, pang'onopang'ono, theka la kilogalamu pa sabata. Anthu adzayamba kufunsa ngati akudwala kapena ngati banja likuvuta, akonzekeretu yankho.

Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi ngakhale insulini isanailamule. N'chifukwa chake kuyenda mphindi 10 kapena 15 atangomaliza kudya kumathandiza kuposa mmene kumaonekera. Pa sabata zikwane mphindi 150 zoyenda mofulumira mpaka kupuma kusinthe, ndi masiku 2 a ntchito yolimbitsa minofu monga kulima kapena kunyuta. Zitunda za mu Mzuzu muno ndi zokwanira, angosiya sakaramento, kabaza wa njinga uja, pa maulendo aafupi. Kugona mochepa kumakwezanso vutoli. Ndipo ngati amamwa mapiritsi onenepetsa kapena kudzola mafuta oyeretsa khungu, aonetse kuchipatala, poti ambiri amakhala ndi ma steroid omwe amagonthetsa thupi ku insulini.

Nesi_Luwinga

Zogula yekhazo ayi. Mankhwalawo ndi enieni ndipo amagwira, koma aliyense ali ndi pake.

Metformin imachepetsa shuga wotuluka m'chiwindi, insulini n'kutsika. Amayamba ndi mamiligalamu 500 kamodzi pa tsiku, pakati pa chakudya, n'kumawonjezera 500 sabata iliyonse mpaka 1,500 kapena 2,000. Woyamba ndi mlingo waukulu amatsegula m'mimba ndi kuchita nseru, n'kutaya mankhwalawo pa tsiku lachitatu. Impso ziyezedwe asanayambe, ndipo womwa nthawi yaitali vitamini B12 imatha kumuchepera. Chomwe ambiri sadziwa: dolutegravir, yomwe ili m'ma ARV amene anthu ambiri akumwa masiku ano, imakweza metformin m'magazi, ndiye wa pa ma ARV amenewa kawirikawiri sapitirira 1,000 pa tsiku. Asabise zomwe akumwa.

Metformin yokha si yamphamvu pobweretsa mwana. Pa kafukufuku wamkulu wa ku America wa mu 2007, wa amayi 626 a PCOS, omwe anabereka anali pafupifupi 7 pa 100 mwa omwa metformin yokha, 22 mwa omwa clomiphene (ndiye Clomid uja), ndi 27 mwa omwa zonse ziwiri. Wina wa mu 2014, wa amayi 750, anapeza 27.5 pa 100 ndi letrozole, mankhwala enanso othandiza dzira kutuluka, poyerekeza ndi 19.1 ndi clomiphene. N'chifukwa chake lero letrozole ndiye woyamba kusankhidwa komwe akupezeka. Kapepala ka m'bokosi la letrozole kamanena za khansa ya m'mawere poti anapangidwira imeneyo, asadzidzimuke.

Letrozole amayamba ndi mamiligalamu 2.5, clomiphene ndi 50, kwa masiku 5 okha kumayambiriro kwa msambo, nthawi zambiri tsiku la 3 mpaka la 7. Ngati msambo sukubwera, amayeza kaye mimba, kenako amapereka mapiritsi a progestin kuti asambe. Dzira limatuluka masiku 5 mpaka 10 kuchokera pa piritsi lomaliza, ndiye m'masiku amenewo azigonana tsiku lililonse kapena modumphitsa limodzi. Sikani ya cha pa tsiku la 12 imaonetsa ngati kathumba kakukula, komanso kuti takula tingati. Womwa yekha sadziwa zimenezi. Amatha kumwa miyezi ingapo mlingo wosamugwira, kapena kukulitsa timatumba 4 nthawi imodzi, ndipo mimba ya ana atatu ndi yoopsa kwa mayi ndi ana omwe. Clomiphene amathanso kupyapyalitsa khungu la m'chiberekero, ndipo akayamba kuona zinthu mwachimbuuzi asiye tsiku lomwelo. Sapitirira miyezi 6 popanda kuunikanso. Ngati machubu ndi otseka kapena umuna ndi wochepa, mapiritsi onsewa ndi kutaya nthawi, n'chifukwa chake zomwe anena a ku Labu ziyambe.

Ngati amamwa enalapril wa BP anene msanga, amasinthidwa asanaime. Akadzaima ayambe sikelo mofulumira ndipo atchule za PCOS, kuti amuyeze shuga koyambirira ndi kubwerezanso pa masabata 24 mpaka 28.

Poyambira ndi ku health centre ya kufupi, monga ku Mapale, kukatenga kalata yopita nayo ku kiliniki ya amayi ku Mzuzu Central. Atenge buku lake la kuchipatala, pepala la sikani lija, ndi kope momwe walemba tsiku loyamba la msambo uliwonse wa miyezi 6 yapitayi. Alamu anuwo apemphe tchuthi tsiku limenelo apite nawo.